Pomwe ndafika ndi kamera ya thabwa ija

Kamera ija ndakhala ndikuisaka tsopano ili pa tebulo langa kuno ku Manchester. Ndi Thornton-Pickard Imperial ya saizi ya half plate (mapuleti a mainchi 4¾ ndi 6½), yopangidwa m'zaka zoyambirira za m'ma 1900 ku Altrincham, tauni yomwe ili pafupi pomwepa moti ndimafikako pa tram. Ndapereka £140. Kodi ndagula bwino kapena andidyera? Yankho lili pa timabokosi titatu tathabwa totchedwa dark slide tomwe tinabwera nayo, osati pa kamera yeniyeniyo.

Kwa amene simunazolowere zinthuzi, kamera yotere sidya filimu ya mpukutu. Kumbuyo kwake kuli galasi loonera, pomwe chithunzi chimaoneka chozondoka. Ukachiika bwino umachotsapo galasilo n'kulowetsa dark slide, kabokosi kopyapyala kathabwa kosungira mapuleti a galasi awiri ojambulirapo chithunzi, ina uku ina uku. A ku Britain ambiri amatsekuka pakati ngati buku. Vuto lake ndi loti nthawi imeneyo kampani iliyonse inkadula mizere yolowetsera mwa njira yakeyake. Dark slide ya Lancaster wa ku Birmingham ikhoza kukana kulowa pa Thornton-Pickard, ngakhale zonse zili za mainchi 4¾ ndi 6½. Ikalowa, nthawi zina puleti siikhala pa malo enieni pomwe panali galasi loonera, ndiye chithunzi chomwe unachiona chakuthwa chimatuluka cha mbuu.

N'chifukwa chake ndinakana kamera ina yokongola kwambiri, ya mkuwa wowala ngati yatsopano, yomwe ankaigulitsa £95 koma yopanda dark slide ngakhale imodzi. Wogulitsayo anati, "Mukazipeza mosavuta pa intaneti." Zoona zilipo mbwee pa eBay, koma ambiri ozigulitsa sadziwa kuti ndi za kamera iti, ndipo ukawapempha miyeso amakuyezera kunja kokha ndi rula ya mwana wasukulu. Ukhoza kugula zinayi usanapeze yokwana, iliyonse ndi ndalama yake yotumizira. Pomaliza kamera yotchipa ija imadzaposa mtengo wa yomwe inabwera ndi zake.

Nkhani ya mitengo ndimaiyendetsa chonchi. Sindiyang'ana ndalama yomwe munthu akuitanira, chifukwa pali makamera omwe akhala pa msika miyezi yambirimbiri ndi mtengo wa maloto. Ndimayang'ana zomwe zinagulidwa kale, pa eBay pali pomwe umasankha kuti ikuonetse zimenezo zokha. Ku okushoni nakonso samalani: mtengo womwe nyundo yagwera si womwe mulipire, amaonjezerapo gawo lawo ndi msonkho. Kenaka ndimachotsera zomwe ndidzawononge pokonza, ndipo zimenezi ndi zomwe ndimanenerera nazo.

Dzina limakweza mtengo, nthawi zina mopitirira. Gandolfi, kampani yomwe Louis Gandolfi anayambitsa ku London mu 1885, imadula ndipo ntchito yake ndi yabwinodi. Sanderson nayonso anthu amaifuna chifukwa cha momwe kutsogolo kwake kumapendekera, makamaka ojambula nyumba zazitali. Za "tropical", zopangidwa ndi teak n'kumangidwa mkuwa m'makona kuti zipirire chinyezi cha kumayiko otentha, osonkhanitsa zakale amazilimbirana. Koma ine ndikufuna yojambulira, osati yoika mu kabati ya galasi. Thornton-Pickard anapanga zambiri, ndiye sizisowa, ndipo ukathyola kanthu mtima sukupweteka kwambiri.

Ndisanapereke ndalama ndinapempha kuti tizimitse magetsi, ndinatambasula mvukuto wonse, chikopa chopindikapindika chapakati pa kamera, n'kulowetsa tochi mkati. M'makona awiri munatuluka timadontho ta kuwala. Chikopa chake chidakali chofewa, ndiye ndimata chabe. Chikanakhala chouma chothetheka, ndikanachotsera ndalama yambiri, poti mvukuto watsopano wosokedwa mwa muyeso ukhoza kudya ndalama yofanana ndi ya kamera yomwe. Thabwa la kamerayi ndi mahogany, wachibale wa mbawa yathu, ndipo silinafumbwe. Mukaona timabowo tating'ono ndi kaufa pansi, isiyeni, tizilomboto tidzasamukira m'mipando yanu. Mano a zitsulo zoyendetsera kutsogolo ndi kumbuyo ali onse. Shutter yake, yotsegula ndi kutseka kuwala pojambula, ija ya nsalu yokoka ndi kachingwe, yafa. Izi sizinandidetse nkhawa. Pa pepala lojambulira, lomwe limafuna masekondi angapo, chivindikiro cha lenzi n'chokwanira. Lenzi yake ndi Rapid Rectilinear yopanda dzina la wopanga, mtundu womwe Dallmeyer anatulutsa mu 1866 ndipo anthu ambiri anautengera.

Ma dark slide atatuwo ndi omwe andidyera nthawi. Ali ndi manambala 1 mpaka 6 ndipo onse amalowa mosakakamiza. Awiri ndi abwinobwino. Dark slide yachitatu kachitseko kake kamapindika pa nsalu yomatidwa ndi guluu, ndipo nsaluyo yang'ambika, kuwala kukulowa. Ndamatula yakaleyo ndipo ndikudikira nsalu yakuda yopyapyala. Velveti ya pakamwa nayo yaperepeseka, ndiisintha. Ndinayezanso kuya kwake poyerekeza ndi kwa galasi loonera, zikugwirizana.

Popeza anapangidwira galasi, filimu kapena pepala zimagwedera mkatimo. Pamafunika timapepala tachitsulo totchedwa film sheath, kapena kuika galasi lakale kumbuyo kwa pepala kuti lilimbe. Pakadali pano ndikudula pepala la Ilford pansi pa getsi lofiira. Filimu ya half plate siipezeka wamba m'mashopu. Ilford imalandira maoda a masaizi achilendo kamodzi pa chaka, apo ayi umagula ya 5x7 n'kuichepetsa mu mdima wa ndiweyani, zala zili pafupi ndi mpeni. Mnzanga wina akundikakamiza kuti ndiyese wet plate, njira yojambulira pa puleti yomwe ikadali yonyowa ndi mankhwala a silver nitrate. Mu ma dark slide awa ayi. Anapangidwira mapuleti ouma, ndipo silver nitrate wodontha amadya thabwa ndi kulidetsa.

Chatsala ndi pokhazika. Pansi pa kamerayi pali bowo lalikulu lozungulira ndi mkombero wa mkuwa pomwe miyendo itatu yathabwa inkakolekedwa, ndipo miyendoyo inasowa kalekale. Ndikudula kathabwa kozungulira kokhala ndi nati ya 3/8 ya inchi pakati kuti ikhale pa tripod yamakono. Ngati wina mwa inu ali ndi miyendo ya Thornton-Pickard yongokhala m'galaja, tiyeni tikambirane, koma mundiyezere kaye mtunda wa pakati pa timapini take.