Mmene ndimayezera kukula kwa pot ndisanabetche

Pa poker ya mtundu wa Texas Hold'em yopanda malire a kubetcha, makhadi atatu oyamba a patebulo, otchedwa flop, akangogwa sindithamangira kuganiza zoti ndibetche zingati. Ndimayamba ndadzifunsa kuti makhadi ndagwirawa ndikufuna pot yake (ndalama zonse zobetchedwa zimene zili pakati) ikakhale yaikulu bwanji pofika pa river, khadi lachisanu ndi lomaliza la patebulo. Ndikapeza yankho, ndimawerengera chobwerera m'mbuyo mpaka pa flop pomwe ndili.

Tinene kuti tonse awiri tayamba ndi ma big blind 100 (big blind ndi ndalama imene wosewera mmodzi amayenera kuika makhadi asanagawidwe, ndipo ndiyo muyeso wa manambala onse apa; small blind ndi theka lake). Ine ndili pa button (malo a wogawa makhadi), ndakweza kufika pa 3, wa pa small blind wataya makhadi, wa pa big blind watsatira. Pakati pali 6.5, aliyense watsala ndi 97. Ndikamabetcha zofanana ndi pot mnzanga n'kumatsatira, pot imakula katatu ulendo uliwonse: 19.5 pa flop, 58.5 pa turn (khadi lachinayi), 175.5 pa river. Kubetcha katatu kokhako, 84.5 mwa 97 zija zalowa pakati. Choncho kubetcha kwa pa flop musakuone kuchepa, ndi kumene kumabala zazikulu za kutsogoloko.

Tsopano ndimayang'ana makhadi anga. Ngati ndagwira 8-8 ndipo pagwa K-8-3, ndili ndi ma 8 atatu, chinthu chimene chimachitika pafupifupi maulendo 12 pa 100 munthu akagwira makhadi awiri ofanana. Apa ndikufuna zonse za mnzanga, ndiye ndimabetcha kuyambira pa flop pomwepo. Ambiri amakonda kubisala, amachita check (kudutsa osabetcha) kuti amutchere mnzawo msampha. Ine zimenezo sindigwirizana nazo pa ma big blind 100. Mukadumpha flop mwatsala ndi mipata iwiri yokha, ndipo ngakhale mubetche pot yathunthu kawiri konseko, mnzanu waikamo 26 basi, osati 84.5.

Kumene kumafuna mutu ndi makhadi apakatikati. Flop yomweyo ya K-8-3, koma ine ndagwira K-10. Ndili ndi ma K awiri, zooneka bwino ndithu. Ndimadzifunsa kuti: ndikabetcha kwambiri katatu, ndani angatsatire mpaka pa river? Wa K-Q, wa K-J, wa K-8, wa ma 3 atatu. Onsewo andiposa. Amene ndimawaposa, monga wa K-9, wa 9-9 kapena wongogwira 8 mmodzi, amapirira kamodzi kapena kawiri, kachitatu amataya. Pot ikamakula, ofooka amachoka n'kundisiya ndi okhawo ondigonjetsa. N'chifukwa chake K-10 ndimaipatsa mipata iwiri yokha. Ndimabetcha 3 pa flop, pot ifike 12.5. Pa turn ndimachita check. Pa river ndimabetcha 8, kapena kutsatira akabetcha iye zapafupi ndi pamenepo, pot n'kuthera pa 28.5. Ndikapambana ndapeza zokwanira, akandiposa sindinapweteke. Check ya pa turn ija ilinso ndi phindu lina: mnzanga amayesa ndilibe kanthu, ndiye pa river amatsatira ndi makhadi amene akanataya.

Zimenezi zimaphweka chifukwa pa button ndimasewera pomaliza, ndipo check yanga imatseka kubetcha kwa ulendo umenewo. Ndikakhala woyamba kusewera mphamvu imeneyo ndilibe, choncho makhadi ngati K-10 ndimawasamala kwambiri ngakhale flop isanagwe.

Mpata woti ndidumphe umasintha malinga ndi zimene zagwa. Pa K-9-8 pomwe awiri ndi a mtima, kuchita check pa turn n'kupatsa mnzanga khadi laulere. Wodikira flush (makhadi asanu a chizindikiro chimodzi) ali ndi makhadi 9 omuthandiza: mwayi wake ndi pafupifupi 35 pa 100 akaona turn ndi river, ndipo pa khadi limodzi ndi pafupifupi kamodzi pa kasanu. Pamenepo ndimabetcha pa flop ndi pa turn kuti alipire, river ndiyo ndimaidumpha. Mipata ikadali iwiri, ndangoisuntha.

Ndimagawanso zimene zatsala kwa amene ali ndi zochepa pa awirife ndi kukula kwa pot ya pa flop. Osewera amati SPR. M'chitsanzo chathu 97 kugawa ndi 6.5 ndi pafupifupi 15, ndipo pamenepo ma K awiri sayenera kufera zonse. Koma tikanayamba ndi ma big blind 20, zotsala ndi 17, SPR sifika 3, ndipo K-10 yomweyo ndimaika nayo zonse mosakayika. Pa ma big blind 200, ngakhale A-A ndimaiyang'ana kawiri munthu akandikwezera pa turn.

Chimodzi ndimapewa: kubetcha zambiri pa flop ndikakhala ndi makhadi amphamvu, zochepa ndikakhala ndi apakatikati. Wosewera watcheru amazigwira msanga n'kumandikwezera nthawi iliyonse ndikabetcha zochepa. Ndikakumana ndi wotere, pa K-8-3 ndimabetcha mofanana kaya ndagwira 8-8 kapena K-10, ndipo kusiyana kwake kumayambira pa turn.