Kulimba kwa pulasitiki ndi funso la zomwe timapangira

Anthu akamatsutsana za mafuta okumbidwa pansi, kawirikawiri amakamba za petulo ndi dizilo, koma gawo limene limandipatsa chidwi ndi lija losapsa mu injini, lomwe limasanduka zipangizo. Mafuta ndi gasi wa pansi ndi mahaidirokaboni, zinthu zopangidwa ndi kaboni ndi haidirojeni basi. M'mafakitale amatenthetsa naphtha (gawo lopepuka la mafuta) kapena ethane (mtundu wa gasi) pamodzi ndi nthunzi mpaka madigiri Celsius oposa 800, ndipo mamolekyulu akaduka pamatuluka mipweya ya ethylene ndi propylene, zomwe akazilumikiza kukhala unyolo wautali zimapereka mitundu iwiri ya pulasitiki yopangidwa kwambiri padziko lonse.

Njira yopangira polyethylene wa m'mafakitale, umodzi mwa mitundu iwiriyi, anaitulukira mwangozi mu 1933 ku kampani ya ICI ku England, ndipo patapita zaka makumi awiri Karl Ziegler ndi Giulio Natta anapeza njira yolumikizira maunyolowa mwadongosolo, ntchito imene inawapezetsa mphoto ya Nobel mu 1963. Chomwe chinakondweretsa akatswiri n'chakuti mgwirizano wa kaboni ndi kaboni mnzake ndi wovuta kuuswa: madzi sauloweza, dzimbiri silifikapo, tizilombo ta m'nthaka timaulephera. Khalidwe lomweli ndilo lachititsa kuti paipi ya madzi ikhale zaka makumi angapo pansi pa nthaka osaola, komanso kuti jumbo yogwiritsidwa ntchito kwa mphindi zochepa ikane kutha.

Choncho sindigwirizana ndi amene amati pulasitiki yense ndi mdani wa chilengedwe. Mapiko a makina opanga magetsi ndi mphepo amamatidwa ndi utomoni wochokera ku mafuta omwewa, mawaya a magetsi a dzuwa amakutidwa ndi pulasitiki, ndipo pafupifupi theka la kulemera kwa ndege ya Boeing 787 ndi zipangizo zosakaniza zokhala ndi ulusi wa kaboni, zomwe zimaipepukitsa kuti isamwe mafuta ambiri. Vuto lili pa kuchuluka kwake ndi pa ntchito yake. Dziko limapanga matani oposa 400 miliyoni chaka chilichonse, gawo lalikulu ndi la zokutira katundu, ndipo malinga ndi bungwe la mayiko loona za chuma la OECD, 9 peresenti yokha ya zinyalala zake ndiyo imakonzedwanso.

Kusintha gwero pakokha sikuthetsa nkhaniyi. Kuyambira 2010 kampani ya Braskem ku Brazil imapanga polyethylene kuchokera ku ethanol wa nzimbe, zomwe zimachepetsa kudalira mafuta, koma molekyulu yake ndi yomweyo ndipo ikagwera m'nyanja siola ngakhale pang'ono.

Mu March 2022 mayiko anagwirizana ku Nairobi kuti alembe pangano lothana ndi zinyalala za pulasitiki. Zokambirana za ku Busan m'dziko la South Korea mu 2024 ndi za ku Geneva m'dziko la Switzerland mu August 2025 zinatha popanda mgwirizano, makamaka chifukwa mayiko opopa mafuta anakana kuti paikidwe malire pa kuchuluka kwa pulasitiki wopangidwa, ponena kuti panganolo lingoyang'ana zinyalala zokha.