Jombo ziwiri zakumanzere

Abale mukamaona wapolisi waima pa rodibuloko jombo zikung'anima muzimupatsako ulemu, anavutika munthu ameneyo kkkk. Ife gulu lathu la makadeti sitinayambire kusukulu za apolisi ku Kanjedza kapena ku Mtakataka ayi, masabata oyamba anatitengera kukampu ina ya asilikali ati akatichotse usiviliyani. Anthu oti tangochoka ku yunivesite ndi madigiri athu, kufika kumeneko kutimeta mpala tonse, mafoni kulanda, kuyenda wamba nkoletsedwa chilichonse ndi chothamanga olo ukupita kuchimbudzi.

Mu hositelo mabedi anali osanjikizana, ine pamwamba, pansi panga chimnyamata china cha ku Mzimba chachitali ngati mlongoti, phazi saizi 11. Ine wanu 7. Jombo zonse zimagona pansi pa bedi lake titazipaka Kiwi mpaka usiku, kulavulira ndi kupukuta, kulavulira ndi kupukuta.

Ndiye tsiku lina cha m'ma 3 koloko wezulo inalira, magetsi atazima, kopolo ali pakhomo akuwerenga mpaka teni ndipo amene atsale m'kati aona polekera. Ine ndinangodumpha, kupapasa mumdima, kuvala, zingwe kukulunga m'mwendo, panja. Ndinamva ndithu kuti phazi lakumanja likusambira koma ndinati ndi tulo.

Tinayamba kuthamanga tikuimba nyimbo. Koma abale mwendo umangondikokera kumbali, anzanga akulowera kutsogolo ine ndikulowera kutchire, ndikabwerera mumzere pang'ono ndayambanso, amene anali pambali panga mpaka anandifunsa kuti aise wamwa? Jombo ikungoti phwa phwa, matuza ayamba kale. Ndinapirira choncho mpaka tinabwerera pabwalo la perete kukuyera.

Sajeni wathu anali wamfupi wa ndevu za pamlomo, samakuwa iyeyu, amayankhula motsitsa ndiye amaopsa kwambiri. Anayenda mumzere pang'onopang'ono ndi kandodo kake kukhwapa, kufika pa ine anaima. Kuyang'ana pansi. Kundiyang'ana. Kuyang'ananso pansi. Nanenso ndinaba diso, eeh, jombo zonse ziwiri zaloza mbali imodzi, inayo yaikulu yoti mwana angagonemo.

"Bwana digiri, mwendo wanu wa lefiti ndi uti?"

Mantha ndi oipa. Ndinakuwa ndi mphamvu zanga zonse kuti "Yonse bwana!"

Mzere onse unaphulika. Ngakhale kopolo anatembenuka kuyang'ana kumbali mapewa akugwedezeka. Sajeni osaseka olo pang'ono, anangoti chabwino, mwini wake wa jombo inayi atuluke. Ndi uyo mnzanga wa ku Mzimba akutuluka kumbuyo akutsimphina, phazi limodzi jombo linalo patapata wobiriwira wa kubafa, saizi 7 yanga itamukana waikolowekera m'lamba, ndipo wathamanga mtunda onse uja choncho osadandaula.

Anatiuza kuti poti timakondana mpaka kubwerekana nsapato, tigwirane manja tizungulire bwalo modumpha ngati achule, ndipo ine ndiziimba lefiti, lefiti, lefiti basi popeza raiti ndilibe. Anzathu akumwa tiyi ife tili pa dzuwa. Mnzangayo sanandiyankhule mpaka Lamlungu, ndipo kuyambira tsiku limenelo jombo zake amagona nazo m'bulangete atazikumbatira.