Kalasi ya Chingerezi cha zamalonda kuno ku Moscow

Anthu kumudzi akamva zoti ndikuphunzira zachuma ku Moscow amaganiza kuti kalasi ya Chingerezi ndimangokhalamo ngati bwana, eti poti ife timayamba nacho ku pulayimale ndipo MSCE sungaitenge usanachikhoze. Pakuyankhula inde, anzanga a kuno ndimawasiya kutali. Koma kosi yake si yocheza ayi, ndi galamala ndi kumasulira basi, amatipatsa ndime ya lipoti la banki kapena kontirakiti m'Chirasha nde tiitembenuze m'Chingerezi, sabata inayo mobwerera, ndipo phunziro lonse la mphindi 90, lomwe kuno amati para, limatha kuthera pa ziganizo zochepa chabe tikukangana.

Chimene chandigwira mtima semesita ino nchoti timawu ting'onoting'ono tomwe anthu amatiderera nditomwe tanyamula ndalama. Tengani nkhani iyi yomwe aliyense wa zachuma kuno amaidziwa: pa 28 February 2022 Bank of Russia inakweza chiwongoladzanja chake chachikulu kuchoka pa 9.5 peresenti kufika pa 20. M'Chirasha ali ndi aperekezi awiri, na ndi do, woyambayo amanena kuchuluka kwa zomwe zawonjezeka, wachiwiriyo amanena pomwe zafika. Vuto nloti kusukulu anawaphunzitsa kuti na amatanthauza on, nde theka la kalasi limalemba rose on, ena rose by 20 percent, pomwe chinachitika ndi rose to 20 percent. Ukafuna kugwiritsa by uyenera kunena 10.5 percentage points, osati 10.5 percent, chifukwa kuchoka pa 9.5 kufika pa 20 ndi kuwirikiza kawiri nkupitirirako. Apa nde umaona kuti munthu amene sanamvetse zachumazo sangamasulire, ngakhale galamala ataloweza buku lonse.

Manambala nawo ali ndi msampha wake. Kuno amalemba 9,5 ndi mpatuliro pomwe ife timaika kadontho, ndipo masauzande amangosiya kampata, nde 1,500 ya m'lipoti la Chingerezi mnzako wina amaiwerenga ngati imodzi ndi theka. Biliyoni iwo amati milliard. Tangoganizani zimenezo pa invoisi.

Tsopano timawu ta Chingerezi a ndi the. Chirasha chilibe timawu timeneti, ndipo anzangawa amatimwaza ngati mchere, pena tambiri pena osaikamo nkomwe. Ndinkaseka poyamba koma Chichewa nachonso chilibe, kungoti ifeyo tinazolowera ndi khutu, atandifunsa kuti ndifotokoze lamulo lake ndinayamba ndakanda kaye m'mutu. Chomwe chinandithandiza ndi kampani ija, kampaniyo, kusiyana ndi kampani ina yake. Tikati ija tonse tikuidziwa kale, ndiye the. Iwo ntchito imeneyi amaigwira ndi kasanjidwe ka mawu, chinthu chachilendo amakonda kuchiika kumapeto kwa chiganizo, chodziwika kale koyambirira, ndipo amatha kutero chifukwa mayina awo amasintha mathero m'njira 6 kotero ngakhale uwasokoneze umadziwabe wogula ndani wogulitsa ndani. Chingerezi sichilola zimenezo, ukangosinthanitsa buyer ndi seller wolipira wasintha.

Pomwe Chichewa chimandikondera zenizeni ndi pa present perfect. Ife timasiyanitsa mitengo yakwera ndi mitengo inakwera osaganiza nkomwe, yakwera ndiye kuti mpaka pano tikulira nayo, inakwera ndi nkhani ya nthawi ina yomwe inapita. Chirasha nthawi yakale chili nayo imodzi, chomwe amasamala ndi chakuti ntchitoyo inatha kapena inali mkati, nde prices have risen since 2022 ndi prices rose in 2022 kwa iwo mneni wake amatuluka mmodzimodzi. Aphunzitsi amajambula mizere ya nthawi pabolodi mpaka choko kutha, ine ndimangomasulira chamumtima m'Chichewa nkudziwa yankho. Pobwerera ku Chirasha nde amandibwezera, chaka cha podfak chomwe alendo timayamba nacho kuti tiphunzire chiyankhulo sichikwanira kuti uwagwire bwino aneni awo oyenda awiriawiri, wina wa ntchito yomwe inatha, wina wa yomwe inali mkati.

Za ekonomika sindichedwapo, mawu a Chirasha amodzi omwewo ndi economy komanso economics, ndiye wina amalemba kuti akuphunzira economy, kenaka economic ndi economical nkusakanizanso.

Chomwe chimanditopetsa ine ndi Chirasha cha m'maofesi. Amakonda kulumikiza mayina mndandanda, kukwezedwa kwa mlingo wa ubwino wa kasamalidwe ka makasitomala a banki, mneni osaoneka, ndipo ukatsata mawu ndi mawu Chingerezi chake chimangokhala of, of, of mpaka mpweya kukuthera. Aphunzitsi athu amati peza kaye amene akuchita ndi chomwe akuchita, ukatero chiganizo cha mizere itatu chimasanduka the bank will serve its customers better. Anzanga ena amakana, amati chafupika kwambiri sichikumveka chaulemu, ndipo ndimawamvetsa, nafenso kalata ya ku ofesi timaikonda yozungulira. M'kontirakiti mokha ndi momwe sitiloledwa kupeputsa, shall wa mmenemo si wa mtsogolo ayi, ndi wokakamiza, the Seller shall deliver ndiye kuti akapanda kubweretsa katunduyo waphwanya mgwirizano.

Yandex Translate, pulogalamu yomasulira ya pa intaneti, aliyense amaigwiritsa, tisanamizane, ndipo the amaiika bwino kuposa ambiri m'kalasimo. Koma pa zachyot, mayeso a kumapeto kwa semesita mu December, foni zimakhala m'chikwama, umangololedwa dikishonale ya pepala, nde tagwirizana ndi mnzanga wina wa ku Kazan kuti Loweruka lililonse iye azindikonzera aneni a Chirasha, ine ndizimuchongera ma a ndi the ake, tiyambira pa ndime ya inflation ija yomwe tonse sitinaimalize.