Ulendo wa ku Macanga: tsiku lomwe oilo wa chiwongolero anawira

Gulu lathu la alimi a mbatata ya kachewere ku Angónia, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, linakacheza kwa anzathu a ku Macanga mwezi wa Okutobala, kukaona mmene akulimira soya mosinthanitsa ndi fodya. Tinanyamuka ku Ulóngue kusanache pa Land Cruiser yakale yobwereka, kudzera ku Dómuè mpaka ku Furancungo, popanda chovuta chilichonse.

Mavuto anayamba titasiya msewu waukulu n'kulowa kanjira ka ngolo kopita kumudzi komwe amatidikira. Pamtsinje wina wouma dalaivala anaphwetsako matayala kuti tisatitimire mumchenga. Titaoloka tinasochera, ndipo potembenuka pamalo opanikiza anakhotetsa chiwongolero mpaka pamapeto n'kuchigwira pomwepo, uku akubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono. Kutsogolo kunayamba kulira "wiii", chiwongolero chinalimba, kenako fungo lopserera linalowa m'galimoto.

Atatsegula boneti tinaona oilo akuchucha pa chivindikiro cha kabotolo ka chiwongolero. Mayi wapampando anagwira kumutu. "Achimwene, pampu yafa basi. Tigona kuno?" Mwayi wake, pagulu pathu pali bambo wina amene anagwirapo ntchito ya umakaniko ku Moatize. "Mayi, musalire maliro wodwala akupuma," anatero, n'kutiuza tikhale pamthunzi mpaka zonse zizizire, chifukwa oilo wotentha chotero amasupula khungu.

Pofotokoza anati pampu imazungulira ndi lamba wa injini n'kumakankha oilo mwamphamvu kupita ku bokosi la chiwongolero. Ukachigwira pamapeto, oiloyo amasowa kolowera, ndiye kavavu kotetezera kamatseguka ndipo amangozungulira m'pampu momwemo, kutentha kukukwera. Matayala ophwetsa pamchenga amawonjezera katundu, ndipo galimoto ikamakwawa mphepo yoziziritsa siilowa kutsogolo. Onjezanipo dzuwa la Okutobala.

Koma bamboyo sanakhutire ndi zimenezo. Atatsegula kabotolo anatiitana kuti tisuzumire. Oilo amene amayenera kukhala wofiira anali wakuda, pamwamba pali thovu ngati la thobwa lowira. Thovulo, anati, ndi mpweya, ndipo mpweya sulowa wokha. Anatsata paipi yochoka pa kabotolo kupita ku pampu ndi zala, n'kupeza kuti chomangira chake chinali chitamasuka, mphira itang'aluka kumapeto. Paipi imeneyi ndi yokoka, choncho imatha kuyamwa mpweya osadontha kwenikweni, n'chifukwa chake anthu ambiri saiganizira. Amathamangira kugula pampu yatsopano, ndalama n'kupita, kulira kuli pomwepo. Anadula kansonga kong'alukako ndi mpeni, n'kumanganso zolimba. Anayesa lamba ndi chala, anali bwino. Kapaipi kachitsulo kopindika kutsogolo kwa radiyeta, komwe kamaziziritsa oilo, kanali katakutidwa ndi matope ouma a dzinja lapita. Anyamata anapala ndi kamtengo.

Apa mpamene mnzathu wina anatulutsa nzeru yoti tithiremo oilo wa mabuleki amene anali m'galimoto. Anakanidwa nthawi yomweyo: ameneyo amawononga mphira zonse zamkati. Galimoto zamtunduwu zimafuna ATF wa Dexron, oilo wofiira uja wa giya za otomatiki, ndipo dalaivala anali ndi botolo lake kuseri kwa mpando. Pa ichi chokha ndimuyamikire, ngakhale kagwiridwe kake ka chiwongolero kanatidyera nthawi.

Anakweza kutsogolo ndi jeke, injini ili chozima, n'kumatembenuza chiwongolero uku ndi uku mofatsa, wina akuyang'ana timathovu tikutuluka ndi kuwonjezera oilo. Titaliza injini kulira kuja kunali kutachepa, ndipo anapopanso matayala tisanapitirire.

Tinafika masana, nsima itazizira kale, koma anzathu anatilandira ndi nyimbo. Anationetsa mbewu ya soya yomwe asunga ndi minda imene akukonza kudikira mvula, ndipo ifenso tinawafotokozera za kasungidwe ka mbewu ya mbatata. Agwirizana zodzabwezera ulendowu mbatata ikadzachita maluwa.

Pobwerera dalaivala ankabweza chiwongolero pang'ono chikangofika pamapeto. Ku Ulóngue mwini galimoto anachotsa oilo yense wopsayo, n'kusintha paipi ija, ndipo kasefa ka pansi pa kabotolo anakapeza katatsekeka ndi zinyalala zakuda. Pampu ndi yomweyo yakale. Komiti yavomereza kuti ndalama za oilo ndi paipi zichoke m'thumba la gulu.