Wikendi ya ku Dublin: pogona panandidyera Loweruka, hurling ndiye inandipepesa

Anzanga amene mukufuna kukaona Dublin nthawi ya hurling, masewera a ku Ireland a ndodo ndi kampira, yambani ndi pogona, ndipo lipiriranitu ndalama zonse pomwepo, zija amati mudzalipira mukafikazi zisiyeni. Ndikulemba mtima usanatsike bwinobwino ndiye mundipirire.

Ife a pasipoti ya Malawi amene tikukhala ku UK kuno, visa ya kuno siyitilowetsa ku Republic of Ireland, ndi dziko lina limenelija, ndalama zawonso ndi ma euro. Ku Belfast mutha kupita opanda vuto poti ndi UK yomweyi koma Dublin ayi, pafunika visa yawoyawo. Fomu mumadzaza pa intaneti, kenako musonkhanitse mapepala a kubanki, kalata ya kuntchito ndi umboni wa komwe mukagone. Izi sizinandivute, kungoti yambani msanga, sizituluka lero ndi lero.

Chandiwawa ine ndi pogonapo. Ndinabukitsa chipinda pa kanyumba kena ka alendo chakumpoto kwa mtsinje wa Liffey, mtengo wabwino ndithu, pepala lake ndinaphatikiza ku za visa zonse zinayenda. Kutatsala masiku owerengeka kunabwera uthenga pa foni ati pepani kompyuta yathu inalakwitsa, chipinda chanu palibe. Madzulo omwewo ndikuyang'ana pa intaneti, chipinda chomwechija, chithunzi chomwecho cha bedi ndi makatani obiriwira, chabwereranso koma mtengo pafupifupi kawiri. Kulakwitsa kwa kompyuta kwake kumeneko eti? Anangodzidzimuka mochedwa kuti wikendi imeneyo kuli ma semi-final ku Croke Park, bwalo lolowa anthu opitirira 82,000, ndipo ambiri mwa anthu amenewa amachokera kutali, ku Cork, Limerick, Clare uko, akufuna pogona. Ndinaimba foni osayankha, imelo osayankha, atayankha akuti poti simunalipire kalikonse palibe chomwe mwataya. Palibe chomwe ndataya? Ndege ndagula kale ine!

Mapeto ake ndinakagona ku hostel ina kutali ndi tauni, mabedi osanjikizana, ndipo ndikufika Loweruka m'mawa akuti kulowa ndi masana, kosungira katundu kwadzadza, ndiye ndinayendayenda ndi sutikesi mumvula yowaza ija mpaka nthawi yanga ya ku Kilmainham Gaol inadutsa. Apa ndiye panandipweteka kwambiri. Ndende imeneyi ndi komwe asilikali a Britain anawomberako atsogoleri 14 a anthu amene anaukira ulamuliro wa Britain pa Isitala mu 1916, sulowa wekha, mumayenda pagulu ndi wokuonetsani, tikiti imakhala ya ola lakelake ndipo zimatha msanga pa intaneti masabata angapo tsiku lisanafike. Ukaphonya waphonya basi. Ndiye ndibwerezenso, onani kaye ngati ku Croke Park kuli masewera kapena konsati wikendi yanuyo, mukatero lipirani chipinda chonse ndipo sungani lisiti.

Ndaiwala za mabasi. Pa eyapoti gulani khadi yolipirira maulendo ya Leap Visitor Card, imagwira m'basi, mu Luas (kasitima koyenda mumsewu) ndi sitima ya DART. Mukati mulipire kashi m'basi za m'tauni amalandira ndalama zachitsulo zokha, zapepala ayi, chenjinso sabweza.

Loweruka masana nditasiya sutikesi ku hostel ndinangothamangira zaulere. National Museum ya pa Kildare Street salipiritsa, muli golide wakalekale ndi mitembo ya anthu yomwe anaipeza m'madambo, khungu ndi tsitsi zilipobe patapita zaka zoposa 2,000, sindinakhalitsemo. Ku Trinity College ndinangozungulira panja, kukaona Book of Kells, buku lakalekale la Mauthenga Abwino lolembedwa pamanja, amalipiritsa ndipo thumba linali litaonda kale ndi hostel ija.

Za nyimbo tsopano. Aliyense akuuzani Temple Bar, dera la mabala lapakati pa tauni, pitani mukajambulitse chithunzi kenako chokaniko, mowa wa kumeneko mtengo wake ndi wa alendo ndipo phokoso ndi la ma spika. Mnzanga wina wa ku hostel anandilozera ku Smithfield, pa bala ya Cobblestone, ndipo kumeneko ndiye ndinamva chenicheni. Kulibe siteji, oimba amangokhala pakona mozungulira tebulo, wina fiddle (vayolini), wina chitoliro, wina kang'oma kam'manja kotchedwa bodhrán, winanso uilleann pipes zomwe amapopa mpweya ndi chigongono osati pakamwa. Mmodzi amayambitsa, enawo nkumalowa mmodzimmodzi popanda wouza mnzake, nyimbo ina nkulumikiza ina osapuma. Mipando ya pakonapo ndi ya oimba, musakhalepo ngakhale ili yopanda munthu. Ndipo wina akayamba kuimba ndi mawu okha opanda zida, bala yonse imati zii, inunso tsekani pakamwa, foni m'thumba. Ena amatamanso bala ya O'Donoghue's ya pa Merrion Row, ine nthawi inandithera.

Lamulungu ndiye linandipepesa. Tikiti ya semi-final ndinagula pa intaneti mosavuta, koma musadzivute kusaka ya fainolo, imeneyo sagulitsa kwa aliyense, amagawa kudzera m'makalabu a GAA, bungwe loyendetsa masewerawa, ndipo eni dziko omwe amailirira. Kuchokera pa O'Connell Street ndi poyenda pansi, mungotsata gulu la ovala ma jezi, chikwama chachikulu musatenge.

Masewerawo ndi anthu 15 mbali iliyonse, aliyense ndi ndodo yophwatalala kumapeto yotchedwa hurley, kampira kake kolimba amati sliotar, mphindi 35 chigawo chilichonse. Kampirako kamathamanga moti poyamba maso anga ankangotsata komwe anthu atembenukira. Munthu amakadumphira m'mwamba nkukagwira ndi dzanja pamene ndodo za anzake zikuwuluka pompo, kenako amathamanga katakhazikika pa ndodo osagwa. Zipewa zoteteza mutu anazikakamiza kwa onse mu 2010, kale akuluakulu ambiri ankasewera mutu uli pamtunda, abale. Zigoli zake zinandizunguza mpaka bambo wina wachikulire amene ndinakhala naye pafupi anandifotokozera: kampira kakalowa mu neti ndi mapointi 3, kakadutsa pamwamba pa mtanda pakati pa mitengo iwiri italiitali ya pagolo ndi pointi imodzi, ndiye mukaona 1-18 ndiye kuti chigoli chimodzi cha mu neti ndi mapointi 18, zonse pamodzi 21. Phunziranitu zimenezi musanalowe kuti musamakuwire timu yomwe ikuluza.

Chinandidabwitsa kwambiri, osewerawa salandira malipiro. Ndi aphunzitsi, apolisi, alimi, ana a sukulu za ukachenjede, Lolemba ali kuntchito, ndipo munthu amasewerera dera la kwawo, za kugulana kulibe. GAA inayamba mu 1884 ku Thurles ndipo mpaka pano ndi choncho. Masapota nawonso sawalekanitsa, amakhala mosakanikirana, tangoganizani Maule ndi Manoma benchi imodzi pa fainolo nkutuluka onse mano ali athunthu. Bambo aja anandilozeranso mbali ya bwalo yotchedwa Hogan Stand, ati dzinalo ndi la Michael Hogan wa timu ya Tipperary amene anaphedwa pabwalo pomwepo pa 21 November 1920, asilikali ndi apolisi a Britain atawombera anthu oonerera mpira, anafa 14. Amene miyendo yanu ili yolimba gulani tikiti ya Hill 16, ndi koimirira ndipo imatsikirako mtengo.

Masewera akatha musadikire basi pafupi ndi bwalo, misewu amatseka ndipo sitima ya pa Drumcondra imadzadza thothotho, yendani pansi mpaka m'tauni. Ndege yobwerera isakhale ya madzulo omwewo, tengani ya Lolemba, kutanthauza kuti usiku wa Lamulungunso muulipiriretu pa chipinda chija.