Mazira awiri a chiombankhanga

Loweruka, Kasungu boma.

Kwazizira kwambiri lero, mphepo ya Julaye ija yolowa mpaka m'mafupa, moti makasitomala a fotokope anachedwa kutuluka m'nyumba. Kufikira cha m'ma 10 koloko ndinali nditathandiza mayi mmodzi yekha wofuna kalata yofunsira ntchito. Ndinakokera mpando kuseri kwa kauntala, n'kutsegula laputopu kuti ndikaone mbalame zanga.

Amene simunamvepo za Dwarf Fortress, awa ndi masewera a pakompyuta amene anapangidwa ndi anyamata awiri apachibale a ku America, Tarn ndi Zach Adams, ndipo anatuluka koyamba mu 2006. Mu Disembala 2022 anatulutsa ogulitsa pa Steam, msika wa masewera wa pa intaneti, okhala ndi zithunzi zooneka bwino, koma akale aja a zilembo zokhazokha akadali aulere mpaka pano. Ine ndimasewera aulerewo. Madola pafupifupi 30 si ndalama yoti munthu wa fotokope angoitaya pa masewera. Umayamba ndi tianthu tisanu ndi tiwiri tandevu, tokonda mowa, totchedwa ma dwarf, ndipo timakumba mudzi m'kati mwa phiri. Iwe sugwira khasu kapena lupanga. Umangolamula kuti pano pakumbidwe, apa pakhale khitchini, uyu akhale mmisiri wa matabwa. Ntchitoyo amaigwira pa nthawi yawo, akatha kudya, kumwa, kugona ndi kukangana.

Mudzi wanga ndinaumanga dala kudera lolusa, chifukwa n'kumene kumapezeka nyama zikuluzikulu kuposa anzake wamba. Kumeneko chiombankhanga si mbalame yoti n'kuiingitsa ndi mwala. Chikatera pafupi, odula mitengo amataya nkhwangwa n'kuthawira kuphanga.

Kugwira nyama yoyenda pansi n'kosavuta. Umatchera msampha wa khola panjira imene imadutsa, basi. Msamphawo umafuna zinthu ziwiri, khola lopanda kanthu ndi kachipangizo kosemedwa ndi makaniko, ndipo ukafwamphuka nyama imapezeka ili m'kati yosavulala. Koma mbalame ilibe njira. Imadutsa m'mwamba, misampha yako n'kumangokhala pansi ikudikira. Ine ndinatchera yambirimbiri pamwamba pa chitunda ndi padenga la nsanja, pomwe ndinkaona kuti zimakonda kutsikira, kenako n'kudikira nyengo zingapo za m'masewera. Chachikazi ndicho chinayamba kukodwa. Chachimuna chinandizunza mpaka ndinayamba kuganiza zongodikira amalonda a mtundu wina wa anthu a m'masewerawa wotchedwa ma elf, amene amabwera m'nyengo ya masika ndipo nthawi zina amabweretsa nyama zachilendo zoweta kale. Koma iwowo amabweretsa zimene afuna, osati zimene iwe ukufuna. Chaka china anandibweretsera nyama zoti sindikanadziwa n'komwe chochita nazo. Pamapeto pake chachimunacho chinadzikola chokha.

Apa m'pamene pali nkhani yonse, ndipo ambiri ongoyamba kumene amakhumudwa napo. Nyama yogwidwa kuthengo ili yaikulu siikhala yako mpaka kalekale. Wophunzitsa nyama amabwera ndi nthuli ya nyama, n'kuipatsa, ndipo masewera amalemba kuti yaphunzitsidwa. Pali masitepe angapo, kuyambira pa yongozolowera pang'ono mpaka pa yophunzitsidwa mwaukatswiri, malingana ndi luso la wophunzitsayo ndi mmene mudzi wonse waudziwira mtundu umenewo. Koma maphunzirowo amasuluka. Miyezi ikamapita nyama imatsika sitepe ndi sitepe, ndipo wophunzitsa akatanganidwa ndi zina, tsiku lina umangoona uthenga woti yabwerera ku uchinyama, ili pakati pa anthu ako. Imene imakhala yoweta kotheratu ndi imene yaphunzitsidwa ikadali mwana. Choncho mbalame ziwiri zikuluzikulu zimene ndinavutikira zija ntchito yake ndi imodzi yokha, kundipatsa mazira.

Ndinazikonzera chipinda chakechake chokhala ndi chitseko chimodzi. M'katimo ndinaikamo bokosi loikiramo mazira, ndipo malo odyetsera ndi malo ophunzitsira ndinawalemba pamodzimodzi kuti wophunzitsa azibwera yekha, asamachikokere chachikazi kwina. Chachimuna chiyenera kukhala pafupi chachikazi chisanaikire, apo ayi mazira amakhala opanda kanthu, ungadikire mpaka kutopa.

Cha m'ma 11 koloko chachikazi chinakhala pabokosi, ndipo nditayang'anamo ndinapeza mazira awiri. Ndisanasangalale n'komwe, ndinaona kankhope ka dwarf mmodzi kakuchokera kukhitchini, kakukwera masitepe, kakulunjika kuchipindacho. Ndinaimitsa masewera n'kuona ntchito imene kapatsidwa: kukatenga mazira kukaika kosungira chakudya. Kanali katatsala masitepe anayi kuti kafike pachitseko. Adani enieni a mazira m'masewerawa si afisi kapena ankhondo ochokera kunja, ndi anthu ako omwe, chifukwa kwa iwo dzira lililonse ndi ndiwo. Ndinaika chizindikiro choletsa pa mazira onse awiri, ndinalowa m'ndandanda wa kukhitchini n'kuzimitsa zophika mazira amenewo, kenako n'kukhoma chitseko. Nditamasula masewera, kamunthu kaja kanaima pang'ono, n'kutembenuka kupita kukamwa mowa.

Ndili pomwepo malume anga anatulukira atanyamula jumbo ya mtedza. Anachokera ku Chinkhoma kukaona ngati mabelo awo a fodya alowa, ndipo nkhope yawo inkaonetsa kuti za mitengo tisazikambe. Ndinawapatsa mpando ndi tiyi wa m'fulasiki. Amafuna ndiwakopere mapepala a kalabu yawo ya alimi, koma makina akutentha anasuzumira pa laputopu.

"Kodi mphwanga, zimenezi ndi maakaunti?"

"Iyayi malume, ndi masewera. Ndikuweta ziombankhanga."

Anayang'anitsitsa. Pa sikirini panali zilembo, timadontho, ndi tinkhope tomwetulira tikuyendayenda. Ndinawalozera chilembo chimodzi chachikulu chimene chinangokhala phee pakona.

"Ichi ndiye chiombankhangacho? Chikutani?"

"Chikufungatira."

Anaseka mpaka tiyi anatayikira pa thalauza. Koma nditawafotokozera za chachikulu chosazolowereka ndi mwana wozolowereka, kuseka kunatha, anayamba kugwedeza mutu. Anati zimenezo si zachilendo, ndi mmene amachitira ndi nkhanga. Nkhanga yaikulu ya kutchire ukaikola, ngakhale uidyetse mapira chaka chathunthu, tsiku limene waiwala kutseka khola yapita. Koma ukatola mazira ake n'kuikira thadzi la nkhuku, limafungatira pafupifupi milungu inayi, kupitirira masiku 21 a mazira akeake, ndipo tiana timene taswedwato timakula tikutsata nkhuku, madzulo n'kumabwerera pakhomo tokha. Anawonjezera kuti vuto lalikulu pa milungu inayiyo si galu ayi, ndi ana a pakhomo pomwepo ndi chiwaya chawo. Apa ndinangowalozera kamunthu kanga kaja kali pa mbiya ya mowa.

Chimene malume sanachimvetse n'chakuti munthu wanzeru zake angafune bwanji kuchulukitsa mbalame zotere. Kwawo, kufupi ndi malire a nkhalango ya Kasungu, mbalame yolusa ndi mdani basi. Kabawi amawathera anapiye chaka ndi chaka, ndipo amayi akangoona mthunzi ukudutsa pabwalo amayamba kukuwa asanayang'ane n'kumwamba komwe. Chikhalirecho ali ndi nkhawa zazikulu kuposa pamenepo, kuyambira pomwe njovu 263 zinasamutsidwira kunkhalangoyi kuchokera ku Liwonde mu 2022. Sindinatsutse. Ndinangowauza kuti chiombankhanga chachikulu kwambiri mu Africa muno, chimene m'mabuku amachitcha martial eagle, mapiko ake otambasula amapitirira mamita awiri, koma chimaikira dzira limodzi lokha, kawirikawiri kamodzi pa zaka ziwiri. Ndiye mlimi mmodzi akapha chimodzi pokwiya ndi nkhuku yake, dera lonse limatha zaka lisanaonenso china. Mu 2020 bungwe la padziko lonse loona za chilengedwe la IUCN linachiika m'gulu la mbalame zimene zili pangozi yotheratu. Malume anati, "Chikhale pangozi komweko, chisabwere kwanga."

Ine maganizo anga ndi akuti masewerawa pa nkhani imeneyi ndi oona mtima kuposa ena ambiri amene ndawaona pa mafoni a anzanga, momwe umangoponyera chilombo chakudya katatu, mtima wofiira n'kuonekera pamutu pake, basi chasanduka chako, ukwerepo. Anthu amene amasakadi ndi ziombankhanga, monga a mtundu wa Kazakh kumadzulo kwa Mongolia, amatenga zazikazi chifukwa n'zazikulu kuposa zazimuna, amazitenga zikadali zazing'ono, amakhala nazo tsiku ndi tsiku, ndipo patapita zaka amazimasula kuti zibwerere kumapiri. Palibe amene amanena kuti wachigonjetsa. Kuno kwathu zoterezi usayese n'komwe. Lamulo loteteza nyama zakutchire linakhwimitsidwa mu 2017, ndipo pa nyama zotetezedwa kwambiri chilango chimafika zaka 30 m'ndende. Izi ndinazinena mokweza dala, chifukwa kamnyamata kogulitsa mandasi kamene kamakonda kuima pakhomo panga kanali katayamba kale kufunsa ngati mwana wa kabawi angaleredwe m'katoni.

Masana magetsi anazima. Mapepala a malume anali atatha, mwamwayi. Tinapita kukadya nsima ya nyemba kuseri kwa msika, ndipo kumeneko nkhani inali ya feteleza yokhayokha.

Titabwerera magetsi anali asanayake, koma batire linali ndi moyo pang'ono, ndiye ndinachepetsa kuwala kwa sikirini n'kupitiriza. Mazira m'masewerawa amatenga pafupifupi miyezi itatu kuti aswe. Chaka chawo chili ndi miyezi 12 ya masiku 28, ndipo pa kompyuta yamphamvu miyezi itatu si kanthu. Pa yangayi, mudzi utakula chonchi, chilichonse chimayenda mokwawa, chifukwa masewerawa amawerengera chinthu chilichonse, mpaka maganizo a munthu aliyense ndi sokosi iliyonse imene yatayidwa m'khonde. Fani ya laputopu inkalira moti malume anafunsa ngati siipsa.

Kudikirako kunali ndi vuto lake. Chitseko chokhoma chimatsekereza wakuba mazira, komanso chimatsekereza wophunzitsa. Ndikachisiya chokhoma nthawi yonseyo, mbalame ziwiri zija zisuluka maphunziro zili m'katimo. Ndiye ndinkatsegula, n'kumuyang'anira wophunzitsayo akulowa ndi nthuli yake, akatuluka n'kukhomanso. Chizindikiro choletsa chija chimakwanira pachokha, koma ine ndi anthu angawa timadziwana. Wophunzitsa wanga ndi mayi wina wa dwarf amene ndinamuchotsera ntchito zina zonse, sanyamula miyala, sakolola bowa, kuti asakhale ndi chonamizira. Ngakhale zili choncho, ulendo wina chachimuna chitatsika mpaka sitepe yomaliza, iye anali m'kachisi akupemphera, ndipo palibe batani lomuuza kuti afulumire. Ndinangokhala n'kumayang'ana. Malume, amene poyamba ankaseka, anali ataimirira kumbuyo kwanga akunena kuti, "Kodi mayiyu sakudziwa kuti kunja kuli ntchito?" Anatuluka m'kachisimo nthawi ikadalipo.

Cha m'ma 4 koloko magetsi anabwera, ndipo pasanapite nthawi uthenga unatuluka woti mazira aswa. Onse awiri. Tizilembo tiwiri tatsopano tinaoneka pambali pa make. Tiana timabadwa ndi maphunziro a mayi wawo, ndiye timafunika kutiphunzitsa tisanakule kuti tikhazikike. Ndinatipereka kwa mayi wophunzitsa uja nthawi yomweyo, ndinatsegula chitseko, ndipo ulendo uno sanazengereze. Koyamba, kenako kachiwiri, ndipo pa dzina la kalikonse panalembedwa kuti nkoweta. Timeneti sitidzasulukanso, ndipo ana amene tidzabereke adzabadwa ali oweta kale.

Malume anatenga jumbo yawo yopanda kanthu ndi mapepala, nati asanapite kukakwera minibasi andisiyire malangizo. Anati popeza ana apezeka, chitambala cholusacho ndichiphe lero lomwe, ndisadikire kuti chidzavulaze munthu, ndipo nyama yake anthu anga adye. Ndinavomera kuti n'zanzeru, ndipo ndinatsegula ndandanda wa ziweto kuti ndichilembe chopita kokaphedwa. Ndisanadine ndinayang'ana tiana tija kuti ndione kuti ndi totani.

Tonse tiwiri ndi tatikazi. Chitambalacho chikhala, ndipo mayi wophunzitsa uja ndamumangira chipinda chogona moyandikana ndi khola, kutali ndi kachisi.